Zala Zobwereka

Atate anavala jekete yawo ya kutchalitchi,
ija ya mabatani awiri osiyana,
napesa tsitsi lomwe latsala.
Ndinati, Atate, ndi kukiliniki chabe.
Iwo anati, munthu wa ku Lusaka
asandione ngati ndachokera kudimba.

Phazi tinalikulunga m'chitenje,
chala chachikulu chitada
ngati nthochi yoiwalika m'thumba.
Ndinawakweza pakaliyala wa njinga
ndi kukankha mumchenga,
njira ija foni imasokonezeka nayo dziko:
pachitunda yatilandira ku Malawi,
pamlatho yatilandira ku Mozambiki,
chonsecho tikali mu Vubwi mwathu.

Nasi Mwatitha anatsamiritsa tabuleti
pabotolo la mankhwala a malungo,
nakokera benchi pafupi ndi windo
pomwe netiweki imakonda kuothera dzuwa.

Ndipo anatulukira, mtsikana wa magalasi,
kumbuyo kwake khoma loyera ndi wotchi,
Chinyanja chake cha m'tauni, chothira Chibemba.
Muli bwanji, tate?
A Gelesomu Mvula, osagwadira munthu wamba,
anavula chipewa, naomba m'manja
kuombera galasi laling'ono ngati mbale.

Onetsani phazi. Sendezani kowala.
Sisita, dinani apo. Akumva?
Sindikumva.
Apa?
Sindikumva.
Nanga apa?
Mayo ine!
Dokotala anaseka, nati kulira uko ndiye kwabwino,
phazi likadziwabe mwini wake.

Zala ndi za Mwatitha wa kwa a Daka,
yemwe tinkatola naye masuku tili ana.
Maso ali kutsidya kwa Luangwa,
ulendo wa basi wotupitsa miyendo.
Pakati pawo pali mphepo chabe
ndi nsanja yofiira paphiri.

Dontho la magazi pakapepala.
Mwatitha anawerenga nambala mokweza,
nkhope ya m'galasi inaleka kumwetulira.
Shuga wakwera, tate. Chala ichi ti

Pomwepo anauma.
Kukamwa yasa, diso limodzi lotsinzina,
kagudumu kakuzungulira pamphumi pake.
Ti chiyani? Tidula? Tichiza?
Ndinamva malata akuthetheka ndi dzuwa,
ndinamva mwana akutsokomola pamzere.
Atate anayang'ana chala chawo
monga amayang'anira ng'ombe tsiku logulitsa.

Mwatitha ananyamula dokotala m'manja,
natuluka naye panja,
kumukweza m'mwamba pansi pa mtengo wa mango,
uku ndi uku, ngati wosaka njuchi.
Ife pambuyo pake, atate akutsimphina,
odwala onse pabenchi makosi ali m'mwamba.

tichitsuka tsiku ndi tsiku, masabata awiri.
Chikakana mupite ku Chipata,
kalata yanu yafika kale.
Ndipo tiyi uja wa masipuni anayi, basi.
Atate anandiponyera diso: wandinenera ndani?
Ine ndinawerenga mango osapsa.

Potsiriza anapisa m'jekete,
natulutsa kapulasitiki ka nshawa zokazinga.
Wothandiza sabwerera chimanjamanja, anatero,
akusendeza nshawazo kugalasi.
Dokotala anavula magalasi, napukuta maso,
kaya ndi tulo, kaya ndi chiyani.
Sisita andidyere, tate.
Zala zinagwira ntchito ndi zake.

Pobwerera dzuwa linali kumsana.
Atate anakhala chete mpaka pamlatho,
ndiye anati, mwana uja ngwaulemu,
koma sanandigwire.
Tinadutsa munda wa mpendadzuwa wa a Njobvu.
Anatinso, komabe wandiona,
wandionetsetsa kuposa amene amandigwira.
Kenaka, ndikupuma pachitunda:
Iwe Tisaine, masipuni awiri nawonso waletsa?

Lachinayi likudzali tibwereranso.
Jekete yapachikidwa pamsomali,
m'thumba mwake nshawa zina.
Usiku ndimatsuka chala ndi madzi a mchere,
tochi ndikuluma ndi mano,
ndipo m'mphepete mwa chakuda chija
mwayamba kufiira pang'ono,
pang'ono kwambiri,
moti sindinauze munthu.